Bwato la Fulaye

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma amayi sakudya.

Zimene akuuzani azakhali, zoti mng'ono wathu Fulaye wathawira ku Mozambiki ndi mkazi wa mwini, n'zabodza. Pakamwa pawo mumapadziwa. Ine ndinali padoko Lachiwiri pamene ankanyamuka ku Chilwa kuno, yekhayekha, kukasiya chimanga ku chilumba cha Chisi. Pobwerera amalunjika phiri la Michesi, monga amachitira aliyense. Masana chiperoni chinatsika, phiri linasowa, ndipo mphepo inakankha mabango oyandama aja n'kutseka njira.

Apolisi apanyanja anabwera ndi boti la injini. Mkulu wawo anandiuza kuti, "Bambo, injini siyenda m'mabango. Ife tizungulira kunja, inu lowani ndi mabwato." Nditapempha amuna a m'mudzi, amalume anaseka. "Pita wekha, mphwanga, si paja unafika ku yunivesite? Nyanja ikakumvera Chingerezi." Inde sindinamalize, koma ndinanyamula nsungwi yokankhira bwato n'kulowa ndi asodzi awiri, amalumewo atakhala pamowa. Takuwa dzina la Fulaye mpaka mawu atha.

Bwerani msanga, achimwene, chifukwa amayi sakundimvera ine. Azakhaliwo musawayankhe. Ambuye akusungeni panjira.

Ndine mng'ono wanu,
Lameki

Ndisanatseke kalatayi, apolisi afika akukoka bwato la Fulaye, mwiniwake mulibe. Nsungwi ndi nsapato zake zili momwemo.