Paipi Yakale Ndinaitsegula Ndine

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti madzi atisautsa.

Mapampu a khonsolo anapsa Lolemba, mipopi yonse mumzinda n'kuuma. Akuluakulu anagwirizana kuti kampani yathu igawireko mzinda madzi kudzera m'paipi yakale yolumikiza mbali ziwirizi, ndipo woitsegula ndinali ine. Paipiyo yakhala yotseka zaka khumi. Lamulo limati tiyambe taitsuka, madzi atayike maola asanu. Koma abwana anandiimirira kumbuyo, foni ili kukhutu, amvekere, "Anthu akufa ndi ludzu, iwe ukuthirira msewu?" Ndinatsuka ola limodzi lokha, n'kuwalola madziwo alowe.

Mukudziwa kuti nyumba ya amayi ndi yoyamba pamzere umenewo. Anatunga ndowa zitatu, akuuza aneba monyadira kuti wabweretsa madzi ndi mwana wawo.

Kuyambira Lachinayi akudwala m'mimba, ndipo awagoneka m'chipatala. Adokotala akuti chingakhale chilichonse. Za paipiyo sindinawauze.

Tchuthi chija munkati mudzatenga kumapeto kwa chaka, ngati n'kotheka tengani panopa.

Ndine mng'ono wanu.