Makina Opanda Nambala

12 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno matupi ali bwino koma mtima wanga ayi, choncho kalatayi muwerengere panokha.

Mukudziwa kuti alamu anu amakonza makina osokera, ndipo akale amene eni ake atopa nawo iwo amatola. Pabalaza afika khumi ndi awiri, moti mlendo amakhala chopendekera. Zimenezo ndinazolowera. Ndinkati chitsulo sichingandilande mwamuna.

Koma kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, wamasiye, nayenso wotolera makina akale. Ine ndimamutcha Achigalasi, chifukwa amayenda ndi galasi lokulitsa zinthu ndi buku la manambala. Makina aliwonse ali ndi nambala yodinda pachitsulo. Akaiwerenga amatsegula bukulo n'kutchula chaka chimene anapangidwa. Mukanawaona, Achemwali, mitu iwiri pagalasi limodzi, imvi kukhudzana. Alamu anu amene ine amangondiyankha "eee" ndi "kaya", kwa mayiyu amalankhula ngati wailesi, mpaka kuseka. Zaka makumi awiri ndasoka pakhonde lomweli, chaka chimene ndinabadwa ine sanandifunsepo. Nsanje inandigwira, sindikubisirani.

Milungu itatu yapitayo alamu anu anabwera ndi makina ang'onoang'ono opukusa ndi dzanja, akuda bii ndi mafuta ouma, atawafukata ngati khanda.

"Awa ndi akale kuposa onse," anatero. "Mawa amayi aja abwera, titsuke nambala tiwerengere limodzi."

"Bwanji osatsuka lero, ndikuwerengereni ine?"

"Inu mukudziwapo chiyani? Sokani zanu."

M'mawa mwake atapita kukagula mafuta a makina, ndinatsuka ndekha ndi palafini, nambala inaoneka bwinobwino. Ndinaiwerenga kawiri. Kenako ndinatenga tupa m'bokosi lawo la zida n'kuipala mpaka panasalala, ndi kupakaponso mafuta akuda aja. Maganizo anga anali akuti popanda nambala buku lilibe ntchito, ndipo mwini buku alibenso chobwerera kuno.

Masana Achigalasi atafika, awiriwo atatsuka makinawo, alamu anu anayendetsa chala pamalopo nthawi yaitali. Anayang'ana bokosi la zida, kenako ine. Ine maso pasingano, phazi pachopondera.

"Musadandaule, bambo," anatero Achigalasi. "Popanda nambala timadziwira zina: maluwa agolidewa, kapangidwe ka bobini yokulungapo ulusi, ngakhale timasikuluwu. Kungoti zimatenga nthawi. Pafunika kuwayerekeza ndi anga kunyumba, amodziamodzi."

Achemwali, mayiyu kwake ali nawo makumi atatu.

Ntchito imene ikanatha m'mphindi imodzi pabalaza panga, ine ndikuona, ndinaisamutsa ndi manja anga kupita kunyumba ya mnzanga kumene sindikuonako. Tsopano alamu anu amasita okha malaya, munthu amene ayironi sankadziwa pogwira pake, n'kunyamula makinawo, ulendo. Makasitomala awo amandipeza ine, ndipo ndatha mabodza owauza. Alamu anuwo akabwerako amati, "Lero tatsala pang'ono," koma nkhope sioneka ya munthu wofuna kumaliza.

Dzulo ndiye ndalira. Thumba la malaya awo linang'ambika, ndinkati ndisoka Loweruka. Abwera nalo losokedwa kale. Telala amadziwa msoko wake, ndipo uja si wanga, ngakhale ulusi si wa m'nyumba muno. Nditafunsa anangoti, "Timayesa makina." Chondipweteka n'chakuti msokowo ndi wowongoka bwino.

Nambala ija ndikali nayo m'mutu, yonse, monga ndimasungira miyezo ya makasitomala. Ndikangoitchula, buku litsegulidwa, chaka chidziwika, maulendowa atha. Koma ndiye kuti ndavomera pamaso pa mayiyo kuti ine, mayi wa ana anayi, ndinawononga chinthu chimene amuna anga amachikonda kuposa zonse zimene anatolapo. Ndikakhala chete, ndikuwaperekeza ndekha tsiku ndi tsiku. Inu munandilera, mundiuze chochita, ndipo muyankhe msanga. Amayi musawauze, angadwale nazo.

Diresi lanu ndamaliza, latsala mabatani okha. Ana akupereka moni, wamkulu akuti nsapato zija zamukwana. Za moni wa alamu anu sindikunamizani, sakudziwa n'komwe kuti ndikulemba. Atuluka m'mawa, makina m'manja. Pakhomo anaima, osatembenuka, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi a ana, palibe chimene mukufuna kundiuza ndisanapite?" Anadikira ndithu, Achemwali. Ine ndinati palibe.

Ndine mng'ono wanu,
amene mumamudziwa kuuma mutu kwake.