Munda Wanu Sindipereka, Sipanala Sindisiya

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tadzuka, ngakhale kuti mtima wanga sunakhale pansi, ndipo chifukwa chake muchimva. Ndiyambe ndi zabwino kaye, monga munkachitira inu mukabwera kunyumba kwanga ku esiteti muli ndi nkhani yoti mundikalipire.

Fanesi, mng'ono wanga uja munamusiya ali woyembekezera, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, wamphumi ngati yanu, ndipo akayamba kulira amamveka mpaka kutsidya kwa njanji. Tamutcha dzina lanu. Chimanga sichinachite bwino chifukwa feteleza anafika mochedwa, koma nandolo anabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Kalongonda wanu wa kuseri kwa khitchini uja Fanesi anamuphika, koma anafulumira kuphula, banja lonse linaswera pamphasa mitu ikuzungulira. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinalira zenizeni, chifukwa wodziwa kuphika kalongonda pakhomo paja munali inu nokha.

Ine ndikadali ku galaja ya esiteti, mkazi ndekha pakati pa amuna. Ndikudziwa kuti ntchitoyi simunkaikonda. Munkati mukaona zikhadabo zangazi, "Elube, mlendo angadye chakudya chopakulidwa ndi manja amenewa?" Koma sopo wochapira ovolosi munkandigulira ndinu.

Tsopano kwabwera magalimoto atsopano, ndipo injini zake si zija tinazolowera. Ndikufotokozereni pang'ono, musatope. Injini imapuma ngati munthu. Ili ndi titseko ting'onoting'ono totchedwa mavalavu, tina tolowetsa mpweya, tina totulutsa utsi. Pa injini zakale, nthawi yoti titsekoti titseguke ndi kutsekeka, imene timaitcha taimingi, inali imodzi basi, kaya galimoto ikukwera chitunda cha ku fakitale itasenza, kaya yangoima pa geti. Zatsopanozi zimadzisinthira zokha nthawiyo. Kabokosi kamagetsi kamamva mmene injini ikugwirira ntchito, n'kutumiza oyilo kuti akankhe kachitsulo kotsegula mavalavu kapite patsogolo pang'ono kapena kabwerere m'mbuyo. Pachitunda galimoto imapeza mphamvu, pachidikha imamwa petulo wochepa. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinaiwala ndi kudya komwe.

Koma tinayamba ndi kuphonya. Pikiapu yoyamba itakwana nthawi ya sevisi, tonse pa galaja tinati oyilo ndi oyilo, tinathira wa mathirakitala uja wolemera ngati phala, wa mumgolo umene timatungamo masiku onse. Posakhalitsa galimoto inayamba kulira gwedegwede m'mawa, pachitunda n'kumafooka. Titamasula tinapeza kasefa kakang'ono ngati chikhadabo katatsekeka, oyilo osadutsa. A Nyirenda, mkulu wathu wa galaja, anakayang'ana kasefako nthawi yaitali, kenako anati, "Ana inu, ine taimingi ndakhala ndikutchera ndi khutu moyo wanga wonse. Izi khutu langa silikwanitsa. Wina apite kusukulu." Ndipo anasankha ine, Amayi. Kosi yake ndi ya ku Blantyre, ikuyamba mvula ikamagwa, ndipo ndikakhala kumeneko dzinja lonse. Ndikakana, malowo apita kwa wina, ine ndidzakalambira pa kumata matayala mpaka tsiku limene adzandiuze kuti ntchito yatha.

Apa m'pamene pakulowa mlongo wanu, amalume a Wayisoni. Atamva za kosiyo anandiitanitsa kumudzi ku Khonjeni, n'kutikhazika ine ndi Fanesi pakhonde panu pomwe. Anayamba ndi kupukusa mutu, mawu ali pansipansi ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro. "Mayi wanu wandilotetsa," anatero. "Anabwera akulira. Akuti munda wake wasanduka tchire, mwana wake wamkulu akungogona kunsi kwa magalimoto ngati alibe kwawo. Ndiye iwe Elube, siya zimenezo ubwerere pamudzi. Ukapita ku Blantyre, mundawu ndipatsa Dikisoni, usagone."

Dikisoni, Amayi! Mwana wawo uja, amene kwawo ndi kwa amayi ake ku Kapichi. Kuyambira liti munda wa mbumba yathu kulowa m'manja mwa mwana wa mudzi wina? Munda umene anakusiyirani amayi anu, umene inu munkaulima Lamlungu masana msana utathyoka kale ndi dengu la tiyi sabata yonse? Ndinapsa mtima koopsa. Fanesi anangoweramitsa mutu n'kumayamwitsa mwana, mwamuna wake naye n'kuyang'ana kumbali, poti mkamwini alibe pakamwa pa nkhani zotere.

Ndinawafunsa mwaulemu ndithu. "Amalume, kutuloko amayi anatchula dzina la Dikisoni, kapena limenelo mwawonjezera mutadzuka?" Anadzambatuka n'kunena kuti ndilibe mwambo, oyilo wandilowa m'mutu. Mwina wandilowadi. Koma kusaopa ndinatengera inu. Ndikukumbuka kapitawo uja ankakuthamangitsani m'mizere ya tiyi, inu n'kumuyankha osatembenuka n'komwe, "Wofuna kundiuza liwiro ayambe wasenzako denguli."

Ndiye mverani zimene tachita. Loweruka lililonse ndikaweruka ndimakwera kabaza kupita ku Khonjeni. Ine, Fanesi ndi alamu anga talima munda wonse, kuyambira pa mtengo wa mapeyala mpaka kumtsinje, mizere yaima kudikira mvula. M'malire monse ndabzala ana a nthochi, kuti aliyense wodutsa aone kuti pali mwini wake. Manja anga anatuluka matuza, anzanga ku galaja n'kumandiseka kuti khasu landilanga. Mvula ikagwa wobzala akhala Fanesi, ndipo zokolola tidzagawana. Amalume anabwera tikumaliza, anaima pamalire manja ali kumbuyo. Koma ndikudziwa kuti nkhaniyi sinathe, chifukwa akuuza anthu kuti mzimu wanu wakwiya ndipo ine ndikaona zakuda ku Blantyre.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'chimenechi. Sindikubisirani, mawu amenewo amandilasa. Sindiopa amalume, koma ndikaganiza kuti mwina n'zoona, mwina mukulira kumeneko chifukwa cha ine, chakudya chimandikanika. Ndakusowani kwambiri, Amayi. Ndinu nokha amene ndikanakonda kukuonetsani kasefa kaja, ngakhale mukanangoti, "Kanthu kakang'ono ngati aka n'kamene kakukusowetsa mtendere?"

Koma inu simunali munthu wotuma wina. Mukakhala ndi mawu munkabwera nokha, chitenje chili m'chiuno, n'kuima pakhomo panga. Ndiye ngati mulidi ndi chonena, musadzere kwa amalume. Pogona panga mukupadziwa, ndi nyumba yomwe ija ya pafupi ndi mpopi. Bwerani mundiuze pamaso. Ndidzakuyalirani mphasa, ndidzakumverani mpaka mumalize, osakudulani. Koma ndikuchenjezeretuni: mukadzati ndisapite, ndidzakutsutsani ngati kale, ndipo ku Blantyre ndidzapitabe.

Gonani bwino, mayi wanga. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti ine ndili moyo, m'munda mwanu simudzalowa khasu la mwana wa mudzi wina.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Elube