Radiyeta Inali Yofunda

Lolemba, 6 Okutobala

Chigayo chazimanso. Kompyuta yangayi ndinaipatsa dzina limeneli chifukwa ikayamba kutulutsa zithunzi za nyumba, fani yake imalira mpaka mwana kudzuka kuchipinda. Lero ndinatsala pang'ono kumaliza chithunzi cha khonde la chipatala chimene Adokotala ena akufuna kumanga, basi sikirini bii. Ndagwira pamwamba pa bokosi, kutentha koti n'kupsa chala.

Adokotala akufuna kuona mapulani ndi zithunzi Lachisanu la sabata yamawa. Sanabise, tilipo angapo amene tikulimbirana ntchitoyi. Chiyambireni kujambula mapulani pandekha ndakhala wa mipanda ndi tinyumba ta lendi tofanana ngati mabokosi a machesi. Ichi ndiye chipatala, ngakhale chaching'ono. Ndipo ndili ndi kanga kamene ena alibe: pamalopo pali mtengo waukulu woti aliyense akanangoudula, ine ndausiya pakati, khonde lodikirirapo odwala likuuzungulira. Ikangotheka ntchitoyi, dzina langa lamveka.

Amake mwana akuti ndiwaimbire achimwene awo, poti ndi okonza makompyuta. Ndiona.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndaonera mavidiyo a zoziziritsa kompyuta ndi madzi mpaka mutu kuwawa. Madzi ndi magetsi m'bokosi limodzi, mtima ukukana.

Masana ndinapita kusitolo ya zipangizo, n'kuwauza mayi ogulitsa mosabisa kuti pa zimenezi ndine mbuli. Sanandiseke. Akuti zilipo za mitundu iwiri. Ina imabwera yotsekedwa kale: kapampu kokhala pa purosesa (kachipangizo kamene kamatentha kwambiri m'kompyuta), mapaipi awiri, ndi radiyeta ngati ya galimoto koma yaing'ono. Madzi ali kale m'kati, suthira, suchotsa. Inayo ndi yolumikiza wekha, thanki payokha, pampu payokha, mapaipi odula ndi kupinda, ndipo polumikiza paliponse pangathe kudontha.

"Inu oyamba kumene, tengani yotsekedwa," anatero. "Mungoyeza bokosi lanu ngati radiyeta ingalowe. Tsiku lomwelo mukhala mwabwerera pa ntchito."

Ndayeza ndi tepi yanga. Ya mafani awiri ikulowa bwinobwino kutsogolo. Mawa ndikagula.

Lachitatu, 8 Okutobala

Sindinagule. Alamu anatulukira m'mawa, mlongo wawo atawaimbira ine osadziwa. Nditawauza za yotsekedwa ija anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti imeneyo ndi ya ana osewera magemu, pampu ikafa umataya zonse. "Munthu wa ntchito ngati inu, alamu? Mundichititse manyazi ine ndilipo?" Akuti andilumikizira okha yeniyeni, zipangizo zambiri ali nazo kale, ine changa ndi kungonyadira.

Kenako anaima kumbuyo kwanga n'kumayang'ana pa sikirini. Anafunsa za mtengo wa pakati pa khonde uja. Nanga ine, munthu akangoyamikira ntchito yanga pakamwa sipatsekeka. Ndinawaonetsa zonse, mpaka kumene mphepo izilowera. Akuti nawonso ayamba kakampani ka zomangamanga ndi mnzawo wina, ndiye zoterezi zimawasangalatsa. Ndinawafunira zabwino.

Lachinayi, 9 Okutobala

Chigayo chapita kwa Alamu. Akuti Loweruka chibwera. Patebulo pangotsala fumbi ndi mawaya.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndapita kwa Alamu kukachiona. Ndikaname bwanji, n'chokongola. Mapaipi oonekera, madzi abuluu akuyenda m'kati, kathanki konga botolo la mwana. Pansi pa polumikiza paliponse ayala matishu oyera, kuti kadontho kakagwa kaonekere. Ndinati ndinyamule, Alamu anandigwira mkono. Akuti kuyesa ngati sizikudontha kumafuna masiku, mwina mpaka Lachinayi. Ndinawakumbutsa za Lachisanu. Akuti kodi ndikufuna madzi adzagwere pa bodi ya magetsi ya m'kati pamaso pa Adokotala?

Ndabwerera chimanjamanja. Laputopu yakale ya amake mwana singathe n'komwe kutsegula mapulani anga.

Lolemba, 13 Okutobala

Alamu anandituma botolo lina la madzi abuluu aja, ndiye ndinapitanso kusitolo. Mayi aja anandizindikira, n'kufunsa ngati radiyeta inalowa. Ndinawafotokozera mwamanyazi kuti ndinatenga njira inayo, ndipo tikuyesa kudontha mpaka Lachinayi. Anadabwa. Akuti kuyesako ndi kwa tsiku limodzi basi. Ndipo poyesa kompyuta siyatsidwa ayi, amazula mawaya onse a pa bodi n'kuyendetsa pampu yokha, kuti madzi akadontha asapeze magetsi. Zonse zimakhala zozizira.

Mwina Alamu ndi osamala kwambiri. Ndi zimene ndakhala ndikudziuza njira yonse.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndinapita ndi botolo lija osaimba foni. Ndinagogoda, ndipo panapita kanthawi chitseko chisanatsegulidwe. Chigayo chinali pamalo pake, sikirini yozima, matishu ali pomwepo. Alamu akulandira botolo, ine ndinangoika dzanja pa radiyeta ngati munthu wosirira.

Inali yofunda. Osati pang'ono, yofunda ngati kapu yoti angomwera tiyi. Mawaya a pa bodi onse olumikiza.

Ndinafunsa. Akuti ndi dzuwa. M'kachipinda kawo kokonzera muja zenera ndi limodzi, ndipo analitseka ndi shelefu kalekale. Ndinangoti chabwino. Panjira ndinadzitonthoza kuti ngakhale ataiyatsa, ili ndi pasiwedi. Madzulo ndinawauza amake mwana za radiyeta, iwo anati ndisamaganizire achimwene awo zoipa pamene akundithandiza.

Lachinayi, 16 Okutobala

Chabwera. Chikugwira ntchito mwakachetechete, zithunzi zonse zatuluka osazima ngakhale kamodzi. Khonde lija laoneka bwino mpaka ine mwini ndinakhala n'kumaliyang'ana. Ndachita manyazi ndi maganizo anga a Lachiwiri. Ndawatumizira Alamu uthenga wothokoza.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndilembe bwanji.

Ndinayala mapulani patebulo la Adokotala, n'kuonetsa chithunzi choyamba. Anachiyang'anitsitsa. Ndinaonetsa cha khonde, ndiye anavula magalasi, n'kutsegula dilowa, n'kutulutsa envelopu yaikulu. Mtengo wanga. Khonde langa. Ngakhale kabenchi kamene ndinaika pansi pa zenera la kumene amalandirira mankhwala. Angosintha mtundu wa denga, ndipo pakona pali dzina la kakampani ka Alamu.

Akuti Alamu anabweretsa Lachitatu, ndipo agwirizana kale. "Bambo, sindikudziwa kuti watengera mnzake ndani," anatero. "Koma amene anayamba kufika ndi awa." Anandiyang'ana ngati wakuba ndine. Ndinayesa kufotokoza za kompyuta, za madzi, za radiyeta, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikuyankhula ngati wopenga. Ndinapinda mapepala anga n'kutuluka.

Kunyumba sindinadye. Amake mwana sanafunse kuti zayenda bwanji, ndipo ine sindinanene.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndinawapeza Alamu akudya chipisi pamwamba pa laputopu ya kasitomala. Sanakane n'komwe, chimene chikundiwawa n'chimenecho. Akuti ndisapse mtima, ntchito yabwera m'banja. Akuti ine ndekha, wopanda kampani, wopanda galimoto, Adokotala sakanandipatsa, zikanangopita kwa anthu akunja. Iwo azimanga, ine ndiziwajambulira, aliyense adyepo.

Ndinafunsa kuti bwanji osandiuza. "Mukanavomera?" anatero, akupukuta zala.

Ndinafunsa kuti analowa bwanji poti pali pasiwedi. Anangomwetulira. Ndikutuluka anandikumbutsa kuti madzi aja amafuna kusintha pakapita miyezi, ndipo amene akudziwa mmene mapaipi analumikizira ndi iwo okha, ndiye ndisaiwale njira.

Munthu ameneyu anandiperekeza kuchipatala tsiku limene mwana wathu anabadwa. Ndimamutenga ngati mkulu wanga.

Lamlungu, 19 Okutobala

Sindingagone m'nyumba imodzi ndi mapaipi awo. Mawa ndikagula yotsekedwa ija, ndiika ndekha. Lero ndinaganiza zochotsa madzi. Ndinaonera vidiyo, n'kuzula magetsi, n'kusendeza Chigayo m'mphepete mwa tebulo. Kampopi kotulutsira madzi kali pansi pa thanki, koma pamafunika wina wogwira beseni pamene iwe ukupendeketsa bokosi. Ndinaitana amake mwana.

Anagwada ndi beseni losambitsira mwana. Madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono. Ndinayamba kuwafotokozera zonse, za envelopu, za chipisi, mpaka ndinafika pa pasiwedi, kuti sindikumvetsabe.

"Ndinawapatsa ndine," anatero, maso ali m'beseni. "Anati akufuna kuona ngati ikuzizira bwino."

Zimenezo ndikanazimvetsa. Ineyo Alamu anandipusitsa, nanga iwo mlongo wawo? Ndinali pafupi kunena kuti palibe kanthu. Koma ndinakumbukira kuti chibwerereni kwa Adokotala sanandifunsepo kalikonse.

"Za mapulani munadziwa liti?"

Madzi anali atayamba kudontha limodzilimodzi.

"Lachitatu. Anandiimbira atachoka kwa Adokotala. Anati ndisakuuzeni, adzakufotokozerani okha bwinobwino."

Lachisanu m'mawa amake mwana omwewa anandisitira shati yoyera, n'kundikonza kolala pakhomo, n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

Beseni linapendekeka m'manja mwawo, madzi abuluu n'kutayikira pansi. Ndinaimika bokosi, n'kuwalanda beseni lija, n'kuwauza kuti apite akaone mwana. Otsalawo ndachotsa ndekha.