Timakina Tako Sitinafe, Darcy

Darcy,

Pepa, ndatenga galimoto ndi laputopu yako, ndathamangira ku Scone kwa a Pettigrew, eni mahatchi aja. Timakina tako toyeza kugwedezeka kwa miyendo ya mahatchi tilibe vuto. Mu pulogalamu muja unaika malire a muyeso wa kugwedezeka pa 2g basi, paja unkayesera pa Wombat, galu woti chibadwire sanathamangepo. Hatchi ikaponda imapitirira pamenepo, n'chifukwa chake manambala obwera pafoni amangoima. Ndasintha, ndaika 16g. Ndatengako kamakina kamodzi, ndikakamangirira pa hatchi ya a Pettigrew asanathetse mgwirizano wanu masana ano.

Ndikudziwa kuti zakupweteka, ntchito ya miyezi isanu ndi itatu si masewera. Koma inali nambala imodzi yokha, wanga. Tsono dzuka. Timakina totsala tonse unataya m'bini dzulo, ndipo galimoto ya zinyalala imafika naini koloko.

Narelle