Ndinati Ndi Pompa

Lolemba, 4 Febuluwale
Zilembo zanga za sukulu ya kwacha n'zokhota, koma izi ndilemba. Loweruka kukubwera mlendo! Waimba foni ndi Lefina, mtsikana uja wa bungwe lothandiza olumala. Akuti munthu wolumala wopita kukaona nyama ku paki akadina foni, limatuluka dzina langa: Simeon Mphepo, wa nthano, patsinde pa mkuyu. Pambali pake kadontho kobiriwira, kutanthauza kuti chikuku cha olumala chimafika.

Mu Okutobala anandifunsa za njira yochokera kumsewu. Ndinati ndi pompa, yosalala ngati chikhatho. Nanga mlendo amauzidwa kuti n'kutali? Chibadwire sindinamvepo.

Zaka zisanu ndi chimodzi popanda wondikhalira pansi. Ana onse ali ku vidiyo.

Lachitatu, 6 Febuluwale
Ndapempha mwana wanga Tsoka kuti tifafanize mizere iwiri, njira ikule. Akuti, "Bambo, feteleza wa kuponi ndinamuvutikira masiku atatu kudepoti. Ndizule chimanga chifukwa cha nthano?" Ndangokhoma mabenchi atatu. Msana!

Lachisanu, 8 Febuluwale
Mvula, tsiku lonse.

Loweruka, 9 Febuluwale
Anabweradi. Amayi Perpetua, aphunzitsi a ku Lilongwe, diresi loyera. Galimoto anaisiya kumsewu, n'kumadzipalasa okha pachikuku, akuseka. Kufika padambo, mateyala lowu m'matope. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Matenanti othyola fodya anathamangira, akuti tiwanyamule. Iwo: "Sindine thumba la feteleza, abambo. Foni inati ndifika ndekha. N'chifukwa chake ndabwera."

Ine pakamwa sipatseka. Ndinati poti mwafika apa, tiyambire pompano. Ndinavula chipewa, mapazi ali m'matope, n'kuti, "Padangokhala!"

Palibe "tili tonse". Amangoyang'ana diresi lawo.

Matenanti aja anawakokera chambuyo mpaka kumsewu, aliyense akuona. Mkuyu uli apo, ukuoneka, ndi mabenchi anga.

Lamulungu, 10 Febuluwale
Kutchalitchi sindinapite. Akuti kwa matenanti ndasanduka nthano ndine.

Lachiwiri, 12 Febuluwale
Lefina waimba m'mawa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti amayi aja alemba zonse pafonipo, koma safuna kusintha kanthu asanamve kwa ine.

"Agogo, ndiuzeni zoona. Chikuku chingafike?"

Lilime linayamba lokha, "Ndi pom..." Ndinaliluma.

"Sichingafike, mwanangu."

"Nanga m'chilimwe?"

"M'chilimwe ndi mchenga."

Anati zikomo. Kadontho kakhala kofiira, akuti wolumala akakaona amangopitirira. Ndinafunsa ngati kofiira kamabwereranso kubiriwira. Akuti njira ikakonzedwa. Akonze ndani?

Masana Tsoka wabwera, akuti chigafa chaweramira mbali imodzi, fodya agwa, ndimubwereke matabwa a mabenchi aja.

Ndamugwirira pozula misomali.