Chinangwa cha Amayi Chasowa Munda

Nkomeshya, Chongwe

Okondedwa Amayi aang'ono,

Ndine Jenala, mwana wa malemu Angela, m'bale wanu uja. Muli bwanji ku Katete? Kuno tilipo.

Atate anagulitsa munda kwa anthu a maploti a ku Lusaka. Tinauzidwa kuti tizule chinangwa chonse nthawi imodzi, chonsecho ife tinazolowera kuchisiya m'nthaka n'kumakumba chodya tsiku lomwelo. Sabata isanathe, mulu wonse unali utada m'kati. Kumsika wa Chongwe ogula amangochithyola n'kuchibweza.

Mzere umodzi wokha ndiwo unakhalabe woyera, uja mbewu yake Amayi anabwera nayo kuchokera kwanuko. Alangizi a zaulimi akuti si mwayi ayi, ndi mtundu wake. Akuti kuda msanga kapena kupirira, chinangwa chimatengera kwa kholo lake.

Mitengo yake ndinaimanga mtolo, ili pamthunzi, koma yayamba kuuma. Atate akusamukira ku Silverest kwa akazi awo atsopano, ndipo akuti nyumbayo ndi yaing'ono.

Kodi kumunda kwanu kungapezeke kamalo? Mitengoyo ndikhoza kubwera nayo ndekha. Kupalira ndimadziwa, ndipo sindidya zambiri.

Ine mwana wanu,
Jenala